Mtengo wa nyambo ndi makasitomala osabwereranso: lipoti la kampani yaing'ono yosindikiza

Mayi mwini kampaniyi atandiimbira foni koyamba, ankafuna kuti ndiwathandize kulemba pulani yokapemphera ngongole ya makina atsopano osindikizira. Iwo ankakhulupirira kuti makasitomala akuwathawa chifukwa anzawo opikisana nawo ali ndi makina amakono. Ntchito yanga ndi yolangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono pa za ndalama ndi malonda, ndipo sindilemba pulani ya ngongole ndisanaone mabuku. Nditawaona mabukuwo, nkhani ya makina inayamba yaima. Lipotili ndalemba eni ake atavomera, koma dzina lawo ndi la kampani ndasunga.

Kampaniyo ndi vuto lake

Pakampanipa pamagwira anthu asanu: mayiwo, mnyamata wa dizaini, anyamata awiri a pamakina ndi mtsikana wa pakauntala. Amasindikiza makadi a bizinesi, timapepala totsatsira malonda, mabuku a malisiti, makalendala ndi zikwangwani. Ogula ambiri ndi mabizinesi ena ang'onoang'ono, masukulu ndi mabungwe. Anthu oterewa sasindikiza kamodzi n'kusiya. Malisiti amatha, makadi amatha, kalendala imafunika chaka ndi chaka. Kampani yosindikiza imakhalira moyo pa munthu amene wabweranso kachitatu ndi kachinayi.

M'mabuku munali mosiyana ndi zimenezi. Mayina atsopano ankalowa mwezi uliwonse, ambiri ndithu, koma ukalitsatira dzina limodzi kutsika nalo m'munsi, unkalipeza kamodzi, mwina kawiri, kenako zii. Kuseri kwa kauntala kunalinso mulu wa ntchito zosindikizidwa kale zimene eni ake analipira dipoziti koma osabwera kudzatenga.

Ndinawerenga ma invoisi a miyezi isanu ndi umodzi n'kumawayerekeza ndi zimene kampani inkalengeza pa Facebook ndi pakhomo. Ndinakhala masiku atatu pampando pafupi ndi kauntala ngati munthu wodikira ntchito yake. Ndinawerenga mauthenga a WhatsApp a foni ya kampani. Pomaliza mayiwo anandilola kuimbira ena mwa makasitomala amene anasiya kubwera.

Zimene ndinapeza

Ubwino wa ntchito sunali vuto. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula za inki yofufuma kapena makadi odulidwa mokhota.

Vuto linali ulendo umene mtengo unkayenda kuchokera pachikwangwani kufika pa invoisi. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, kuti chithunzi chioneke bwino. Tinene kuti paketi ya makadi yalengezedwa pa 100. Munthu wabwera, wauzidwa kuti alipire theka, wapereka 50, wapita. Tsiku lodzatenga apeza kuti pali 25 ya "kukonza fayilo", chifukwa chithunzi chimene anatumiza sichinali cha saizi yoyenera. Pali 30 ina chifukwa makadiwo asindikizidwa mbali zonse ziwiri, pamene mtengo wolengezedwa unali wa mbali imodzi, zimene zinalembedwa m'tizilembo tating'ono m'munsi mwa chithunzi. Pali 15 ya kudula ndi kukuta ndi pulasitiki. Yafika 170, ndipo msonkho sunaikidwe. Ngati ananena kuti akuzifuna mawa, palinso ndalama ya changu imene sanauzidwe pamene ankanena zimenezo.

Chilichonse mwa zinthuzi ndi ntchito yeniyeni imene imadya nthawi ndi zipangizo. Mayiwo sankalipiritsa mpweya. Chimene chinkapweteka ndi nthawi imene munthu ankazidziwa. Ankazimva atalipira kale dipoziti, ntchito itasindikizidwa, msonkhano umene akufunira makadiwo uli mawa m'mawa. Pamenepo sakanathanso kukana. Amalipira, amanena zikomo, ndipo mtsikana wa pakauntala amalemba kuti oda yatha bwino.

Mtsikanayo ndinamuyang'anitsitsa masiku atatu aja. Popereka invoisi ankaikankhira kutsogolo maso ali pa kompyuta. Tsiku lachitatu nditamufunsa, anandiuza kuti kwa makasitomala amene wawazolowera amawanong'oneza poyamba pomwe kuti adzabwere ndi ndalama yapadera. Choncho panali mitundu iwiri ya ogula, otsinidwa khutu ndi osatsinidwa. Nditabwerera m'mabuku, mayina ochepa amene ankabwerezabwereza anali ambiri a gulu loyamba lija. Ankalipira 170 yomweyo, koma ankabwera akuidziwa.

Pa mafoni amene ndinaimba, ochepa kwambiri ndi amene ananena kuti kampaniyi ndi yodula. Mawu amene ankabwerezedwa anali akuti "anandipusitsa" ndi akuti "umapita usakudziwa kuti lero akuuza zingati". Foni imene inandikhudza kwambiri inali ya bambo wina wogula zinthu za bungwe limene amagwirako ntchito. Anaona mtengo wolengezedwa, anapempha ndalama kwa abwana ake malinga ndi mtengowo, anapatsidwa. Atabwera ndi invoisi yokwera pafupifupi kawiri, abwanawo anamuyang'ana ngati wagwirizana ndi osindikiza kuti adye yapamwambayo. "Ine ndinatsala pang'ono kutchedwa wakuba chifukwa cha makadi," anatero. Bungwe limenelo limasindikiza zinthu chaka chonse, ndipo silinabwerenso. Eni mabizinesi ambiri amaiwala kuti wogula nthawi zina ndi wotumidwa, ndipo mtengo ukasintha m'njira, amene amakayankha mlandu ndi iyeyo.

Panalinso zina zazing'onopo. Pakhomo panali chikwangwani cha mtengo "wakale" wokhwatchidwa ndi mzere wofiira, pambali pake mtengo "watsopano" ndi mawu akuti sabata ino yokha. M'mabuku monse sindinapezemo munthu amene analipirapo mtengo wakalewo. Chikwangwanicho chinali chitafufuma ndi dzuwa, kutanthauza kuti sabatayo inali itatha miyezi yambiri. Pa Facebook, ndemanga zoyamikira zingapo zinali za abale ndi antchito, ndipo madandaulo ankafufutidwa. Mmodzi mwa amene ndinawaimbira anati chimene chinamukwiyitsa kuposa ndalama n'chakuti analemba dandaulo mwaulemu, m'mawa mwake n'kupeza palibe.

Chifukwa chake njirayi imakopa

Sindinawanamize mayiwo kuti kubisa mitengo sikubweretsa ndalama. Kumabweretsa. M'chaka cha 2015 kampani ya StubHub, yogulitsa matikiti a masewero ndi zoimbaimba pa intaneti ku America, inagawa ogula ake pawiri. Ena ankaona mtengo wonse poyamba pomwe, ena ankaona ndalama zoonjezera atafika kumapeto polipira. Akatswiri anayi, Tom Blake, Sarah Moshary, Kane Sweeney ndi Steven Tadelis, atasanthula zotsatira zake anapeza kuti gulu lachiwirili linawononga ndalama zochuluka ndi pafupifupi 21 peresenti. StubHub inasiya kuonetsa mtengo wonse poyamba. Munthu akasankha kale chinthu n'kuchiwerengera kuti ndi chake, kubwerera m'mbuyo kumamulemera kuposa kuonjezera ndalama.

Koma kampani yaikulu ngati imeneyo imagulitsa kwa anthu miyandamiyanda amene sawadziwa nkhope, ndipo wina akakwiya pamabwera wina. Kampani ya anthu asanu ili ndi dziwe laling'ono lowedzamo. Ogula ake amadziwana, amafunsana kuti iwe malisiti ako umasindikiza kuti. Yapamwamba imene yatengedwa lero kwa munthu mmodzi imaoneka m'buku. Maoda atatu amene munthuyo akanabweretsa chaka chamawa, ndi a mnzake amene wamuuza kuti asapiteko, palibe tsamba limene amalembedwapo. N'chifukwa chake mayiwo ankaona ngati vuto ndi makina.

Nditawaonetsa zonsezi, anakhala chete kanthawi, kenako anadziteteza, ndipo chitetezo chawo chinali ndi nzeru.

"Bambo, inu mukuganiza kuti ine ndimakonda zimenezi? Onse amalemba 100. Ine ndikalemba 170, foni iliranso?"

"Ilira pang'ono, mayi, makamaka poyamba. Pamenepo sindikunamizani."

"Ndiye antchitowa ndiwalipira chiyani?"

Funso lawoli akatswiri a zachuma analiyankhapo kale mbali ina. Mu 2006 Xavier Gabaix ndi David Laibson anaonetsa kuti mpikisano pawokha suchotsa mitengo yobisika. Pamsika pamene ogula ambiri amayang'ana nambala yoyamba yokha, wogulitsa amene waulula zonse amaoneka wodula, ndipo amene wabisa amapitiriza kulandira anthu. Chimodzi mwa zitsanzo zawo chinali ma printa otsika mtengo amene inki yake ndi yodula. Nditatchula chitsanzochi mayiwo anaseka, chifukwa printa yawo yoyamba anaigula motero, ndipo mpaka lero akaikumbukira kampani imene inawagulitsa amapukusa mutu. Ndinangowafunsa kuti anagulakonso kumeneko kapena ayi. Sanayankhe.

Chinthu china chinatulukira pamene tinakhala pansi kuwerengera ndalama zimene paketi imodzi ya makadi imadya: mapepala, inki, magetsi, lendi, nthawi ya wa dizaini, zowonongeka poyesa mtundu. Mtengo wa 100 uja unali pansi pa zimene kampani inkawononga. Mayiwo anautengera kwa anzawo zaka zapitazo osauwerengera, ndipo zoonjezera zija zinkabadwa imodziimodzi pofuna kutseka dzenjelo. Izi ndimazipeza kawirikawiri. Mitengo yobisika ya mabizinesi ang'onoang'ono nthawi zambiri imayamba ndi mwini amene akuopa kutchula mtengo wake weniweni, ndipo ena saudziwa n'komwe.

Zimene tinasintha

Mitengo sitinatsitse. Tinasintha nthawi ndi malo amene wogula amaimvera.

Tinatenga ntchito zimene anthu amaitanitsa kwambiri n'kuziikira mtengo umodzi wathunthu, msonkho ulimo, kudula kulimo, mbali imodzi ndi mbali ziwiri chilichonse pamzere wake ndi zilembo zofanana kukula. Dipoziti inasiya kulandiridwa popanda kotesheni yolembedwa. Lamulo limene ndinaumirira kwambiri linali lakuti chimene sichili pa kotesheni sichilipiritsidwa, pokhapokha ngati wogula wauzidwa ntchito isanayambe ndipo wavomera polemba, ngakhale pa WhatsApp. Wa dizaini akaiwala kufunsa, kampani imaluza yokha. Mayiwo analikana lamuloli kwa sabata yathunthu. Litayamba kugwira ntchito, mnyamata wa dizaini anayamba kutsegula fayilo iliyonse wogula akadali pomwepo, zimene zimamutengera mphindi zochepa, ndipo ngati ikufunika kukonzedwa amanena nthawi yomweyo.

Ndalama ya changu sitinaichotse, koma inayamba kutchulidwa pamene munthu wanena kuti akufuna mawa, pamodzi ndi chifukwa chake: anyamata a pamakina aweruka mochedwa ndipo alipidwa maola oonjezera. Apa ndinatsamira pa kafukufuku wa 1986 wa Daniel Kahneman, Jack Knetsch ndi Richard Thaler, amene anafunsa anthu ku Canada za sitolo yokweza mtengo wa fosholo kuchoka pa madola 15 kufika pa 20 m'mawa wotsatira chimvula cha chipale chofewa. Anthu 82 pa 100 alionse anati n'kulakwa. Anthu omwewo sankaona vuto pamene mtengo wakwera chifukwa wogulitsayo nayenso zamukwerera. Wogula amalolera kulipira zambiri akaona kumene ndalamayo ikupita. Chimene salolera ndi kuona kuti mwapezerapo mwayi pa kupanikizika kwake.

Pa za kuchotsera mitengo ndinayenda mosamala, chifukwa pali phunziro lowawa la J.C. Penney, sitolo zikuluzikulu za ku America. Mu 2012 mkulu wake watsopano, Ron Johnson, anathetsa makuponi ochotsera mtengo ndi zotsitsatsitsa mitengo zosatha n'kuika mitengo yotsika yokhazikika. Malonda anagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi m'chaka chimodzi, ndipo mu April 2013 anachotsedwa ntchito. Anthu amakonda kumva kuti apindula. Choncho chikwangwani chofufuma chija tinachichotsa, koma m'malo mwake tinaika kuchotsera kumene kuli ndi maziko: munthu wobwereza oda yomweyo amalipira zochepa chifukwa dizaini ilipo kale, ndipo wosindikiza zambiri nthawi imodzi amalipira zochepa pa chimodzi chifukwa makina amatcheredwa kamodzi. Kuchotsera kotereku kumapita kwa anthu amene kampani inkawataya aja.

Ndemanga za abale zinachotsedwa. Madandaulo anasiya kufufutidwa, ndipo mayiwo amayankha okha. Analemberanso makasitomala akale uthenga waufupi wonena kuti mitengo tsopano ikulembedwa yathunthu, ndi kupepesa kwa amene anadzidzimutsidwa ndi invoisi. Ine ndinkafuna uthengawo ukhale wa kampani. Iwo anasankha kuulemba m'dzina lawo, ndipo anachita bwino kuposa mmene ndinawalangizira.

Ndinawakumbutsanso kuti malamulo m'maiko ambiri akulowera mbali imodzi. Ku Britain, kuyambira April 2025 lamulo limaletsa kumaonjezera pang'onopang'ono ndalama zokakamiza pambuyo pa mtengo wolengezedwa komanso ndemanga zabodza, ndipo bungwe la boma loona za mpikisano pamalonda la CMA lingathe kulipiritsa chindapusa chofika 10 peresenti ya ndalama zimene kampani imapeza pachaka. M'maiko a European Union, kuyambira 2022 wolengeza kuti watsitsa mtengo wa katundu ayenera kuuyerekeza ndi mtengo wotsikitsitsa wa masiku 30 apitawo. Ku America bungwe la boma loteteza ogula la FTC linaletsa ndemanga zabodza mu 2024, ndipo kuyambira May 2025 limafuna mtengo wathunthu pa matikiti a zochitika ndi malo ogona alendo. Mwini bizinesi aliyense ayenera kufunsa zimene lamulo loteteza ogula la dziko lake likunena, chifukwa zimene dzulo zinkatchedwa luso la malonda zikusanduka milandu.

Zotsatira zake

Miyezi iwiri yoyamba inali yowawa. Ofunsa mitengo pa WhatsApp anachepa, ndipo ena ankangoona nambala n'kusowa osayankha. Apa ndipamene ndinalakwitsa ine. Ndinadziwa kuti anthu achepa, koma sindinawerengere bwino kuti madipoziti amene ankalowa tsiku ndi tsiku ndiwo ankagulira mapepala. Ndikanayenera kuwalangiza kuti ayambe asunga ndalama ya mwezi umodzi, kapena kuti tisinthe pa nyengo imene maoda amachuluka. Sabata lachisanu mayiwo anandiimbira mawu ali okwera.

"Bambo, malangizo anu aja andigwiritsa fuwa la moto."

Nditapita ndinapeza kuti abwezeretsa mawu akale akuti "kuyambira pa" patsogolo pa mtengo wa makalendala osandiuza. Sitinakangane. Tinagwirizana kuti mawuwo angakhale, bola mtengo umene watchulidwa ukhale woti munthu angathedi kulipira n'kutuluka ndi kalendala yathunthu m'manja, ndipo pansi pake palembedwe mitengo ya mitundu inayo.

Kusintha koyamba kunaonekera pakauntala. Mikangano ya tsiku lodzatenga inatha, ndipo mtsikana uja anasiya kunong'oneza chifukwa panalibenso chonong'oneza. Mulu wa ntchito zosatengedwa unasiya kukula, zimene zinapulumutsa mapepala ndi inki zimene kale zinkangotayika. Ofunsa anali ochepa, koma mwa amene anafunsa, ambiri ankamaliza kugula. Kenako masukulu ndi mabungwe anayamba kubwerera, ndipo chifukwa chimene ankapereka chinali chimodzi: kotesheni ndi invoisi zikufanana, choncho wotumidwa savutika ku ofesi ya ndalama. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi, mayina obwerezabwereza m'buku anali ataonekeratu kuti achuluka, ngakhale kuti nyengo ya makalendala inathandizanso.

Ena sanabwerere. Bambo wa bungwe uja anayankha uthenga wa mayiwo mwaulemu, anathokoza, n'kunena kuti anapeza kale kwina kumene sanamukhumudwitsepo. Ena sanayankhe n'komwe.

Pulani ya ngongole tinaiimika. Makina akale akukwanitsa ntchito imene ilipo, ndipo tidzaionanso nkhaniyi maoda akadzawapitirira mphamvu.

Chatsala ndi zikwangwani zikuluzikulu zokakhoma pamakoma ndi pamitengo yachitsulo. Mtengo wosindikiza umadziwika chifukwa umawerengedwa pa mita, koma wokhoma sudziwika mpaka munthu akaone malowo, kutalika kwa khoma ndi ngati pakufunika makwerero aatali kapena anthu ena oonjezera. Mayiwo akufuna kulengeza wosindikiza wokha. Ine ndikufuna kuti wokaona malo azipita kaye kotesheni isanatuluke, ndipo ulendowo uzilipidwa ndi ndalama yochepa yodziwika, yodzachotsedwa pa invoisi ngati wogula wapitiriza. Iwo akuti palibe amene angalipire kuti angouzidwa mtengo. Tagwirizana kuyesa njira yangayi pa maoda khumi otsatira, mtsikana wa pakauntala azilemba amene avomera ndi amene akana, ndipo tidzakumana kumapeto kwa mwezi kuti tiwerenge.